Ng'oma Isamire M'kompyuta

LIVINGSTONE: Mseu wa Mosi-oa-Tunya ndiwo msana wa mzinda uno. Ulowa cakumpoto, kumene kucokera magalimoto a ku Lusaka, nupyola pakati pa masitolo, mabanki ndi maofesi a Boma, kenaka nutsetsereka mtunda wa makilomita pafupi-fupi 10 kukafika ku mathithi a mtsinje wa Zambezi ndi ku ulalo umene unamangidwa m'caka ca 1905. Dzina la mseuwu ndi dzina lomwe la mathithiwo, ndipo litanthauza utsi umene ugunda ngati bingu.

Mseu wa dzina lotere sukhala cete. Munthu woyendamo akumva malole a katundu opita ndi kucokera ku malire, akumva anthu akutsatsana malonda m'Citonga, m'Cilozi ndi m'Cinyanja, ndipo cakumunsi, kumahotela a alendo, akumva silimba ndi ng'oma za magulu osangalatsa odzaona mathithi. Koma coposa zonse akumva nyimbo zoturuka m'masipika a pa makomo a masitolo, m'mataksi ndi m'mafoni a anthu.

Pafupi-fupi nyimbo zatsopano zonsezi, zisanafike m'khutu la munthu, ziyamba zadutsa m'tizipangizo tina tosagwirika ndi manja, tokhala m'kati mwa kompyuta. Anyamata ojambula nyimbo m'tizipinda ta m'makomboni monga Maramba, Dambwa ndi Libuyu atichula tizipangizoti kuti mapulagini. Dzinali ndi lacilendo, koma nkhani yake ikhudza anthu a kumidzi kweni-kweni. Masiku ano makwaya a mipingo ndi magulu a magule a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi asonkha ndalama za nshawa ndi cimanga kuti akajambulitse nyimbo zao m'tauni. Ena abwerako okondwa. Koma ena akafika kumudzi naika nyimboyo pa wailesi yaing'ono, apeza kuti ng'oma yao yasowa, mau a amai asanduka ngati a m'citini, ndipo ndalama zapita. Gulu lodziwa m'mene tizipangizoti tigwirira nchito silingagwe m'dzenje limeneli.

M'MENE ZINALILI KALE

Kulinganiza mau a nyimbo si nchito yatsopano ai. Pa bwalo la Gule Wamkulu kapena pa cimtali anthu akhala akuicita ndi makutu ao. Woimba ng'oma aiwamba pa moto kuti cikumba cikungike, namata phula pakati pake kuti mau atsike. Mbalule ipatsidwa mpata wakuti imveke pamwamba pa mpanje ndi gunda, pakuti ndiyo ilankhula ndi miyendo ya wobvina. Amai oombera m'manja aima mbali yao, ndipo wotsogolera nyimbo adziwa pokweza mau ndi potsitsa.

Makina atabwera, nchitoyi inayamba kucitika ndi dzanja. Hugh Tracey, amene anayenda m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za makolo, anali kugwira maikolofoni m'manja. Nyimbo iri m'kati, iye anali kuisendeza kwa wa ng'oma, kenaka kwa wa kalimba, kenaka kwa oimba, kotero kuti womvera amve mbali iriyonse pa nthawi yake. Malemu Alick Nkhata, amene anagwirapo naye nchito asanachuke pa wailesi ya ku Lusaka, anali mmodzi wa oimba amene mau ao anafika m'midzi kupyolera m'kawailesi kochipa ka Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za Zambia. Magulu oimba anacuruka, koma malo ojambuliramo anali owerengeka. Ku Lusaka kunali DB Studios, kumene gulu la WITCH linajambula mbale ya Lazy Bones!! mu 1975. Ku Chingola kunali Malachite Studios, kumene Amanaz anajambula mbale yao ya Africa. Ku Ndola kunali kampani ya Teal youmba mbale, ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Ena, monga Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, anali kukafika mpaka ku Nairobi.

Woimba wa ku Livingstone anayenera kuyenda makilomita oposa 470 kuti akafike ku Lusaka, ndipo wa ku Chipata pafupi-fupi 570. M'situdiyo za nthawi imeneyo, nchito iriyonse yokonza mau inali ndi bokosi lake la citsulo, lolemera ndi lokwera mtengo, loitanitsidwa kunja. Lero mabokosi onsewo alowa m'kompyuta imodzi yonyamula m'cikwama.

KODI PULAGINI NCIANI?

Mlimi wa ng'ombe amvetsa nkhaniyi msanga. Ng'ombe ziwiri zomwezo lero zikoka pulawo, mawa zikoka cokwezera mizere, mkuja zikoka ngolo. Mphamvu iri mu ng'ombe, koma nchito isintha malinga ndi cipangizo cimene mlimi wakoleka ku cheni.

M'kompyuta, ng'ombezo ndi pulogalamu yaikulu yojambulira nyimbo. Yodziwika kwambiri pakati pa acinyamata ndi FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina lakuti FruityLoops. Ziriponso zina monga Cubase, Pro Tools ndi Logic. Pulogalamu yotere isunga mau alionse pa mzere wake: wotsogolera nyimbo mzere wake, obvomera mzere wao, gitala mzere wake, ng'oma iriyonse mzere wake. Pulagini ndi kapulogalamu kakang'ono kokolekedwa pa mzere umodzi kuti kasinthe mau a pa mzerepo popanda kukhudza mizere ina.

Cimene cinafalitsa tizipangizoti ndi ngowe yofanana. Mu 1996 kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, m'dziko la Germany, inaturutsa njira yochedwa VST, ndipo inalola makampani ena kupanga tizipangizo tolowa pa ngoweyo. Kuyambira pamenepo munthu angagule pulogalamu kwa wina, pulagini kwa winanso, ndipo ziwirizi zigwirizana.

Mapulagini ali m'magulu atatu. Alipo obwera pamodzi ndi pulogalamu yaikulu, monga Fruity Parametric EQ 2 ndi Fruity Limiter za mu FL Studio. Alipo opezedwa padera, amene munthu aikamo yekha. Ndipo alipo ena okhoza kuima paokha, ngati cigayo ca injini yake-yake, popanda kutsegula pulogalamu yaikulu. AmpliTube ya ku Italy ndi Guitar Rig ya ku Berlin ziri conco: woimba gitala alumikiza gitala yake ku kompyuta, nayeserera kapena kuimbira pa gulu. RX ya kampani ya iZotope nayonso itsegulidwa payokha kuti itsuke phokoso m'mau ojambulidwa kale. Komabe cipangizo coima pacokha kawiri-kawiri cigwira mau amodzi pa nthawi imodzi. Kulinganiza nyimbo yonse, kumene kufuna kuti munthu amve ng'oma pamodzi ndi mau a oimba, kucitika m'kati mwa pulogalamu yaikulu.

NCHITO ZINAI ZIKULU-ZIKULU

Ngakhale mapulagini ali zikwi-zikwi, nchito zao zeni-zeni ndi zocepa.

Yoyamba ndi ya ikwalaiza. Mau alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo kuwerengedwa ndi muyeso wa Hz, kutanthauza kuti mpweya wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Khutu la mwana wathanzi limva kuyambira 20 Hz kufikira 20,000 Hz. Mau a pansi, monga a gunda ndi gitala ya besi, ali ku manambala ang'ono-ang'ono. Mau a pamwamba, monga a visekese ndi nthungululu, ali ku manambala akulu. Ikwalaiza ikweza kapena kutsitsa cigawo cimodzi ca mauwa. Nchito yake ndi yomwe ija ya moto ndi phula.

Yaciwiri ndi ya kompuresa. Woimba akafuula imtsitsa, kotero kuti pamene anong'ona pangakwezedwe osagonthetsa anthu pamene wafuula.

Yacitatu ndi ya livebu, imene iwonjezera kubwerera kwa mau, monga m'mene amvekera m'nyumba yaikulu ya mapemphero kapena m'phanga. Mau ojambulidwa m'kacipinda amveka ouma, ndipo livebu pang'ono iwapatsa malo.

Yacinai ndi ya limita, imene iikidwa kumapeto kwa zonse kuti nyimbo ikwere mphamvu popanda kusweka.

Zinaizi ziri ngati mcere, cidulo ndi nsinjiro m'manja mwa wophika. Zikometsa ndiwo zabwino, ndipo zikacuruka ziziononga. Ndiwo zobvunda sizikonzeka ndi mcere.

LOLE NDI GUNDA

Bvuto lalikulu lioneka bwino pa mseu womwe uno. Lole ikamadutsa, kugunda kwa injini yake kulowa m'makoma ndi pansi, nkufika ku maikolofoni. Matiresi ndi mabulangeti amene anyamata akhoma m'zipupa acepetsa kubwerera kwa mau m'cipinda, koma kugunda kwa lole sauletsa. Kugundako kuli ku mau a pansi, makamaka osafika 100 Hz. Cotero wojambula atsegula ikwalaiza nadula mau onse a pansi pa 80 kapena 100 Hz, ndipo lole isowa.

Pa mzere wa woimba mmodzi kudula kotere nkwabwino, pakuti mau a munthu ali ndi zocepa kumeneko. Koma gulu la kumudzi kawiri-kawiri lijambulidwa lonse pamodzi ndi maikolofoni imodzi kapena awiri, oimba ndi ng'oma zomwe. Mimba ya ng'oma yaikulu ikhala kumalo komwe kuja kuli lole. Wodula lole wadulanso gunda. Kompyuta sidziwa kusiyanitsa; idziwa nambala cabe.

Bvuto lina licokera mbali ina. Wojambula amvera nyimbo m'masipika abwino kapena m'zobvala m'makutu, ndipo gunda amveka mpaka pamtima. Koma kasipika ka foni ndi ka wailesi ya mabatire sikatha kuturutsa mau a pansi otere. Mlimi womvera Breeze FM ya ku Chipata kapena Radio 1 ya ZNBC ali m'munda adzamva oimba okha, ng'oma kulibe. Wojambula waluso adziwa mankhwala ake: aipatsa ng'oma maikolofoni yake-yake, nakwezako pang'ono mau a cikhatho pomenya cikumba, amene ali pamwamba, kuti ndi kasipika komwe kaonetse kuti pali ng'oma. Ndipo ngati malo ali pafupi ndi mseu, asankha nthawi imene malole acepa, m'malo modalira kudula.

Kompuresa nayo iri ndi ngozi yake. Mbalule ilankhula mwa kusiyanitsa kumenya kwamphamvu ndi kwapang'ono. Kompuresa ikapanikizidwa kwambiri, kumenya konse kufanana, ndipo wobvina samvanso pamene ng'oma imuitana kuti atembenuke. Anyamata ambiri apanikiza conco pofuna kuti nyimbo yao ipose za anzao kulira. Akulu anati ng'oma yolilitsa sicedwa kung'ambika. Ndiponso mpikisano umenewu ulibe phindu monga kale: Spotify, imene inafika m'Zambia mu 2021, ndi YouTube yomwe, zitsitsa zokha nyimbo zolira kwambiri kuti zifanane ndi zinzake. Cotsala ndi nyimbo yophwanyika imene silira kuposa ina iriyonse.

Pali cenjezonso kwa ojambula eni ake. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mau a mphamvu ya madesibelo 80, ndipo mphamvu ikakwera, nthawiyo icepa msanga. Khutu lotopa lifuna kukweza ciriconse, ndipo khutu logontha silibwerera.

MAU A KUMUDZI NDI MAU A PIYANO

Pulagini yochuka kuposa zonse ndi Auto-Tune. Anaipanga ndi Andy Hildebrand wa ku America, amene poyamba anali kugwira nchito ya masamu ofufuzira mafuta pansi pa nthaka. Inaturuka mu 1997, ndipo dziko linaidziwa mu 1998 pamene inamveka m'nyimbo ya Cher yochedwa Believe. Nchito yake ndi kukoka mau a woimba kuwaika pa noti yapafupi.

Funso ndi lakuti, noti ya yani? Ikangotsegulidwa osaikonza, Auto-Tune itsata manoti 12 a piyano. Koma kalimba wa kum'mawa, silimba ya Alozi ndi kankobela ya Atonga sizicunidwa potsata piyano. Mmisiri aliyense acuna monga anamvera kwa akulu a kwao. Hugh Tracey anali kuyenda ndi tizitsulo toyesera mau, nalemba macunidwe osiyana-siyana a zoimbira zimene anapeza. Woimba wotsata kalimba wake sanaphonye. Koma makina amuyesa wophonya, namkokera ku piyano, ndipo mau ake ayamba kulimbana ndi coimbira cake comwe. Kutsetsereka kwa mau kumene amai acita polira maliro kapena poyamba nyimbo ya pamtondo kusanduka timasitepe todumpha-dumpha.

Pa nyimbo za acinyamata zobvinira m'tauni, ambiri akonda mau oterewa, ndipo palibe mlandu. Colakwa ndi kutenga muyeso wokonzera nyimbo za ku America kapena ku Nigeria, umene ubwera wokonzeratu m'pulagini, nkuuthira pa kwaya ya kumudzi cifukwa cakuti ndiwo uli pafupi.

ZOGULA, ZAULERE NDI ZAKUBA

Mapulagini ambiri a maina agulitsidwa pa intaneti ndi ndalama zakunja, ndipo mtengo wake upweteka. Cifukwa ca ici pafalikira makope othyoledwa, opatsirana pa timamemori. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, limene liteteza nyimbo ya woimba, litetezanso mapulogalamu a kompyuta. Woimba wodandaula kuti anthu akopa nyimbo zake ayenera kuganizirapo. Kuwonjezera apo, makope othyoledwa kawiri-kawiri anyamula mavairasi, kapena aimitsa kompyuta nchito iri pakati. Ikafa kompyuta, zifera momwemo nyimbo za anthu amene analipira kale.

Cosadziwika kwa ambiri ncakuti kuba kumeneku nkosafunika. Mapulagini obwera ndi pulogalamu akwanira kumaliza nyimbo yabwino. Aliponso aulere operekedwa ndi eni ake, monga ikwalaiza ya TDR Nova ndi livebu ya Valhalla Supermassive, ndipo pulogalamu ya Audacity ndi yaulere yonse. Mapulagini akacuruka pa nyimbo imodzi alemetsa kompyuta ndi kumaliza batire, cinthu cimene ojambula anacimva kuwawa mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse.

ZOYENERA KUCITA GULU LOPITA KUKAJAMBULA

Coyamba, gulu liyesere kumudzi kufikira nyimbo itakhwima. Nthawi ya m'situdiyo ndi ndalama, ndipo palibe pulagini yophunzitsa munthu nyimbo.

Caciwiri, lipemphe kumva nyimbo zina za ng'oma kapena za kwaya zimene wojambulayo anakonzapo. Luso lokonza nyimbo za woimba mmodzi silifanana ndi luso lojambula anthu 20.

Cacitatu, pangano lilembedwe: mtengo, ciwerengero ca nyimbo, tsiku lomaliza, ndi mwini wa nyimbozo. Ndalama zonse zisaperekedwe nchito isanathe.

Cacinai, mmodzi wa akulu a gulu, makamaka woimba ng'oma, akhalepo pa tsiku lolinganiza mau. Iye ndiye adziwa m'mene mbalule ilirira. Ali ndi ufulu wopempha kuti amve nyimbo pulagini itayatsidwa ndi itazimitsidwa, pakuti pulagini iriyonse iri ndi pozimitsira pake, ndipo kucita izi kutenga kamphindi cabe.

Cacisanu, nyimbo imveredwe pa foni ndi pa wailesi yaing'ono asanaibvomere, pakuti ndimo mmene anthu a kumudzi adzaimvera.

Cacisanu ndi cimodzi, gulu litenge nyimbo yake mu mtundu wa WAV, osati MP3 yokha, pamodzi ndi mizere yonse payokha-payokha yopanda zothirapo. WAV itenga malo pafupi-fupi 10 MB pa mphindi imodzi, pamene MP3 wamba itenga 1 MB cifukwa mau ena atayidwa. Gulu lokhala ndi mizere yake lingapite nayo kwa wojambula wina ngakhale patapita zaka. Lopanda mizere liyenera kuyambanso.

Potsiriza, opeka nyimbo akalembetse ku bungwe la ZAMCOPS, limene litolera ndalama za oimba kwa oulutsa nyimbo zao. Ndipo nyimbo za kudambwe ndi za cinamwali zisajambulidwe popanda cilolezo ca eni mwambo.

ZOIMBIRA ZA M'GALASI

Pa mseu womwewu wa Mosi-oa-Tunya pali Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zakale imene inayamba mu 1934, yakale ndi yaikulu kuposa zonse m'Zambia. M'menemo mlendo aona ng'oma ndi zoimbira za mitundu ya dziko lino, zosungidwa bwino, koma ziri du. Nyumbayo isunga thupi la ng'oma. Mau ake asungidwa ndi ojambula.

Mbale za Zamrock zojambulidwa ndi makina ocepa m'zaka za m'ma 1970 zinafunidwanso ku maiko akutali patapita zaka zoposa 30, ndipo gulu la WITCH linabwerera ku DB Studios kukajambula mbale ya Zango, imene inaturuka mu 2023. Cimene alendo anafuna m'mbalezo ndi mau amene sakanawapeza kwina kuli konse. Gule Wamkulu nayenso analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 cifukwa ca zimene ali, monga aonekera ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti.

Mnyamata wa ku Maramba kapena ku Kapata lero ali ndi zipangizo zimene akatswiri a mu 1975 sanazilote. Zimenezi nzoyamika, ndipo makolo asamuyese wosewera akamuona pa kompyuta. Koma aphunzire kufunsa woimba ng'oma asanagwire ikwalaiza, ndipo woimba ng'oma asacite manyazi kunena kuti ng'oma yake sikumveka. Zidzukulu zidzadziwa kulira kwa mbalule monga mmene anthu awiriwa adzakusiyira.